Audacity akukana nyimbo za kwaya yathu, pomwe pa foni zikulira bwinobwino

Mphunzitsi wa ku Kamwendo | Lolemba usiku

Abale, ndithandizeni, mutu wandiima.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Kamwendo, ndipo ku tchalitchi kwathu ndine mlembi wa kwaya. Bambo amene anatiphunzitsa nyimbo kwa zaka zoposa 20 anatisiya chaka chatha mvula itangoyamba kumene. Loweruka likudzali a kubanja akuvundukula chiliza, ndiye amayi a kunyumba kwawo anandipempha kuti ndisonkhanitse nyimbo zimene malemuwo ankatsogolera, ndiziike pa fulashi imodzi kuti zikalire pa zokuzira mawu anthu akamafika. Ine ndinangoti palibe vuto amayi, poyesa kuti ndi ntchito ya madzulo amodzi. Lero ndakwanitsa masiku anayi ndikulimbana nazo.

Ndinalengeza pa gulupu ya WhatsApp ya kwaya kuti aliyense amene ali ndi kanthu atumize. Zinabwera zosakanikirana ngati zopereka za masika. Pali 6 zimene dzina lake likuyamba ndi PTT, kumapeto kuli .opus. Pali zinayi zochokera mu Samsung ya mayi wina woyimba alto, zothera ndi .m4a. Pali zitatu zimene ndinachotsa ndekha pa memori khadi ya kafoni ka mabatani ka malemuwo, zothera ndi .amr, ndipo mtima wanga uli pa zimenezi, chifukwa akumveka okha akuphunzitsa anyamata a tena, kuseka ndi kutsokomola komwe. Palinso CD imene tinakajambula ku Lilongwe mu 2014. Ndinaikopera pa kompyuta ya mnzanga koma chimene chatuluka ndi Track01.cda mpaka Track08.cda, iliyonse 1 KB basi. Chomaliza ndi fayilo ya .wav ya pulakatisi yotsiriza imene anapezekapo. Tinajambula ndi kamakina kobwereka, mabatire n'kuthera pakati pa nyimbo. Fayiloyo ikuonetsa 345 MB koma palibe pulogalamu imene ikuitsegula.

Laputopu yanga ndi yakale, ya Windows 7, ndipo mphwanga anandiikiramo pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity 2.4.2. Ndikufuna kungodula phokoso la koyambirira, kukweza zimene zikumveka pansipansi, n'kuzindandalika. Koma ndikakokera fayilo mu Audacity akundibwezera uthenga wa Chingerezi wotchula FFmpeg, zina akungoti sakuzizindikira. Ndinayesa nzeru yanga ya uphunzitsi, ndinafufuta .m4a n'kulembapo .mp3. Pamenepo ndiye zinaipiratu.

Bandulo yanga ndi yaing'ono, netiweki kuno imabwera ikafuna. Ndichite bwanji?

Mavuto wa pa Boma | Lolemba usiku

Aphunzitsi pepani ndi maliro aja.

Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndimaikira anthu nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi pa msika wa Mchinji Boma. Za CD zo ndikuuzeni lero lomwe, simunakopere chilichonse. Ma .cda amenewo si nyimbo, ndi tizikwangwani tongoloza pamene nyimbo ili pa CD po. Mukachotsa CD mwatsala ndi chikwangwani chopanda msewu. CD sakopera ngati chithunzi, amaichita rip. Tsegulani Windows Media Player, ikani CD, pamwamba pali Rip settings, musankhe mtundu, kenako Rip CD. Basi.

Zinazo musavutike nazo. Pa intaneti pali masamba ambiri aulere osinthira mafayilo. Mumangokweza fayilo, kusankha MP3, kutsitsa, mwamaliza. Ine ndimachita tsiku lililonse. Ya 345 MB yo iwalani, inafa imeneyo.

Komanso musanaike fulashi yanu m'kompyuta za anthu muzisamala. Kuno kwadzaza kavayirasi kaja kobisa mafoda n'kusiya ma shortcut. Sabata yatha kunabwera bambo wina wa ku Mkanda akulira kuti nyimbo za ukwati wa mwana wake zatha, chonsecho zinangobisika.

Mukalephera kwerani kabaza mubwere nazo, ndikuchitirani pa mtengo wa kwaya.

aBanda a ku Kasungu | Lachiwiri m'mawa

Aphunzitsi, pepani kwambiri. Ndakhala ndikusakaniza mawu kuyambira nthawi ya pulogalamu ya Cool Edit Pro, Adobe asanaigule mu 2003 n'kuitcha Audition, ndiye mavuto anuwa ndi anzanga akale. Mundilole ndilembe motalika pang'ono.

Mavuto wanena zoona pa CD, koma pa zinazo mwana wanga ndikutsutsa, makamaka pomwe wati ya 345 MB inafa. Tifika.

Tiyambe ndi nzeru yanu ya uphunzitsi ija. Inu a ku Mchinji mumathira mtedza m'matumba a feteleza. Thumba lalembedwa UREA koma mkati muli chalimbana. Mutafufuta UREA n'kulembapo CHIMANGA, wa chigayo akamasula apezabe mtedza. Fayilo ndi chimodzimodzi. Zilembo za kumapeto kwa dzina ndi zolemba za pa thumba, pomwe mawu enieniwo anapanikizidwa mwa njira yakeyake mkatimo. Mu .m4a kawirikawiri mumakhala mawu a mtundu wa AAC. Mutalemba .mp3, Audacity anatuma womasula MP3 kuti akamasule AAC, ndiye n'chifukwa chake zinaipiratu. Bwezerani maina akale musanachite china chilichonse. Vuto lomweli limavutitsa anyamata otsitsa nyimbo pa YouTube ndi timapulogalamu ta m'foni: dzina likuti .mp3 koma mkati muli AAC kapena Opus. Foni imaziliza chifukwa siyang'ana dzina lokha, imasuzumira mkati.

Audacity payekha amatsegula WAV, AIFF, MP3, Ogg Vorbis ndi FLAC. Wanu wa 2020 yo, kuti atsegule M4A, AMR, WMA kapena Opus, amafuna FFmpeg, pulogalamu yomuthandiza kumasula mitundu imeneyi, imene sibwera naye limodzi. Mungathe kuitsitsa, koma pali msampha. Audacity 2.4.2 wa pa Windows ndi wa 32-bit, ndipo amagwirizana ndi FFmpeg 2.2.2 ya 32-bit. Mukatsitsa yatsopano ya 64-bit muwononga bandulo pachabe, adzangokhala ngati sakuiona. Mukaipeza yoyenerayo, pitani ku Edit, Preferences, Libraries, dinani Locate, mumusonyeze pamene pali avformat-55.dll.

Koma kwa munthu amene watsala ndi masiku anayi, ine ndingati siyani zimenezo, gwiritsani ntchito VLC, kaja ka chizindikiro cha kachipewa ka pamsewu. M'malaputopu ambiri kamakhalamo kale, ndipo ngati mulibe aliyense wokonza makompyuta angakuikireni pa fulashi. VLC amatsegula .opus, .m4a ndi .amr yemwe popanda kumuwonjezera kanthu. Mukafuna kudziwa chimene chili m'thumba, tsegulani fayilo n'kudina Ctrl ndi J, akuuzani. Posintha, pitani ku Media, Convert / Save, Add, sankhani fayilo, dinani Convert / Save, pa Profile musankhe Audio - CD, ndipo dzina la fayilo yatsopano mulimalize ndi .wav. Imeneyo Audacity ailandira ndi manja awiri.

Tsono chifukwa chimene ndikukanira MP3 ya Mavuto. Opus, AAC, AMR ndi MP3 zonse zimachepetsa fayilo potaya mbali ina ya mawu, ndipo chimene chatayidwa sichibwerera. Inu aphunzitsi mukudziwa chimene chimachitika mukapanga fotokope ya fotokope. Mukasintha .opus kukhala MP3, n'kuikonza mu Audacity, n'kuitulutsanso ngati MP3, mwataya katatu. Pa nyimbo za m'mabala palibe angadandaule, koma kwaya imavulala msanga: ma "s" a soprano amayamba kumveka ngati munthu akuyimbira m'madzi. WAV sitaya kanthu. Choncho sinthani kamodzi kupita ku WAV, gwirani ntchito yonse mu WAV, MP3 ibwere kamodzi kokha pamapeto. Pa CD ponso, pa Rip settings paja musankhe WAV, osati WMA imene Windows amaikonda, chifukwa WMA yo ikubwezerani ku vuto la FFmpeg lomwe lija. Dziwani kuti WAV ya mtundu wa CD imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, ndiye onani malo pa laputopu.

Za .amr zija ndisakunamizeni. AMR anaipangira kuyankhulana pa foni, osati nyimbo. Ya m'timafoni ta mabatani imatola mawu ka 8,000 pa sekondi pomwe CD imatola ka 44,100, ndiye mawu onse okwera kupitirira 4,000 Hz mulibemo. Zidzatseguka, mudzawamva bambowo bwinobwino, koma zidzamveka ngati akuimbirani foni. Palibe batani limene lingabweze zimene sizinajambulidwe. Kwezani ndi Normalize basi. Noise Reduction musaikonde kwambiri pa zimenezi, imadya mawu a munthu pamodzi ndi phokoso.

Pomaliza ya 345 MB. Fayilo ya WAV ili ndi kamutu koyambirira komwe pamalembedwa kutalika kwa mawu ndi kajambulidwe kake. Makina ambiri amamalizitsa kamutuko mukadina Stop. Mabatire akatha musanadine, mawu onse amakhala alimo koma kamutu kakuti mulibe kanthu. 345 MB si mphepo, aphunzitsi. Ikopereni kaye pena, musagwire yeniyeniyo. Kenako mu Audacity pitani ku File, Import, Raw Data. Pa Encoding muike Signed 16-bit PCM, Byte order Little-endian, Channels 2, Sample rate 44100. Tsitsani voliyumu musanadine Play. Mutiuze chimene mumve, komanso pulakatisiyo munajambula kwa nthawi yaitali bwanji.

Mavuto wa pa Boma | Lachiwiri m'mawa

Madala mwandiphunzitsa, ya Raw Data yo sindimaidziwa. Koma pa MP3 po mukukokomeza. Zokuzira mawu za kumudzi, jenereta ikulira pambali, ana akusewera, ndani angamve kusiyana? Ndiponso masipika ambiri olowa fulashi amafuna MP3 yomweyo.

aBanda a ku Kasungu | Lachiwiri masana

Pa Loweruka mwina palibe angamve, wanena zoona. Koma fulashiyo sithera pa Loweruka. Adzukulu awo adzaifuna zaka 10 zikubwerazi. MP3 ya pa sipika ipangidwe, sindikukana, koma ichokere ku WAV, ndipo WAV yo isungidwe.

NaPhiri wa ku Santhe | Lachiwiri madzulo

Aphunzitsi pepani. Ine si katswiri ngati aBanda, ndimangojambula maulaliki ndi nyimbo za amayi ku mpingo kwathu, koma ndinapsapo kawiri ndiye ndikuchenjezeni.

Choyamba, ma PTT aja. Amenewo ndi mauthenga a mawu a WhatsApp, aja timajambula titagwira kamaikolofoni. Ndikuganiza kuti anthu anu ena analiza nyimbo pa foni ina kapena pa wailesi, n'kujambula ndi WhatsApp pa foni inzake. Kwathu amayi amatero kwambiri, mpaka umamva nkhuku ndi mbale zikutsukidwa kumbuyo. Musanataye nthawi kuzikonza, aimbireni mmodzimmodzi muwafunse kumene nyimboyo ili. Ngati fayilo yeniyeni ili m'foni mwawo, auzeni adine kachizindikiro kolumikizira zinthu, asankhe Document, atumize choncho. Imafika monga ilili. Amene sakudziwa, mwana wa pakhomo awathandize, kapena mukumane ku pulakatisi mutumizirane pa Bluetooth, sipafunika bandulo.

Chachiwiri n'chimene chinandiliza ine. Mukadina Save Project mu Audacity wanuyo, sakupatsani nyimbo. Akupatsani kafayilo kothera ndi .aup pamodzi ndi foda ya dzina lomwelo yothera ndi _data, momwe muli tizidutswa tambirimbiri ta mawu. Ine ndinakopera ka .aup kokhako pa fulashi, n'kukwera minibasi mpaka ku Kasungu Boma kukapereka kwa wa zokuzira mawu tsiku la msonkhano wa amayi. Tinafika, fulashi muli 12 KB. Ndinachita manyazi osaneneka, abusa akundiyang'ana. Kuyambira pa Audacity 3.0 ya mu 2021 anasintha, zonse zimakhala mu fayilo imodzi ya .aup3, koma nayonso sipika siingailize. Pomaliza muzipita ku File, Export, Export as MP3. Wanuyo ali kale ndi chopangira MP3 mkati mwake, simufunika kutsitsa china.

Za masamba a pa intaneti a achimwene a pa Boma, ine sindingakweze mawu a malemu a eni ake pa tsamba losadziwika mwini wake. Bandulonso imathera pomwepo, kukweza ndi kutsitsa komwe. Ndipo ma .amr aja, poti ndi zojambula za m'foni mwawo, muwamvetsere kaye nokha mpaka kumapeto, kenako amayi a kunyumba amve musanawaike pa sipika. Munthu akamaphunzitsa kwaya amatha kukalipira wina pomutchula dzina, ndipo pa manda si pomvera zimenezo.

Mphunzitsi wa ku Kamwendo | Lachitatu usiku

Zikomo nonse, mutu umodzi susenzadi denga. Ndikupatseni lipoti.

VLC anali kale m'laputopu, ndimangoonera mpira osadziwa kuti amatha zimenezi. Ma .m4a anayi aja ndinawabwezera maina, asintha onse, Audacity wawalandira. Ma .amr nawonso atseguka. Akumvekadi ngati a pa foni monga ananenera aBanda, koma ndi iwowo, mpaka kaja ankakonda kunena kakuti tibwerezenso anyamata, mwadya kodi. Ndinayamba ndaima kaye kanthawi, ntchito inandikanika.

Amayi a ku Santhe, munalota? Mwa ma PTT 6 aja, anayi ndi nyimbo za pa CD yomwe ija, anthu anangojambula ikulira pa wailesi ya m'nyumba. Ndawasiya. Awiri okha ndi a pa ukwati wina ku Kapiri, ndipo mwini wake wanditumizira vidiyo yeniyeni ngati Document, VLC n'kuchotsamo mawu. Pa nkhani ya kukalipira ija munanenanso zoona. Mu imodzi mwa zitatuzo akudzudzula mnyamata wina wa besi amene panopa ndi mkulu wa mpingo. Pamenepo ndadula.

CD sindinathe, choikamo CD cha laputopu yanga chinafa kalekale. Mavuto, mawa ndikaweruka ndikupeza pa Boma, koma uchite WAV monga anenera madala, usandipatse MP3.

Tsono yaikulu ija. Ndachita monga munanenera aBanda. Chatuluka ndi chimzere chodzaza kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo phokoso lake ngati mvula ya matalala pa malata. Mwamwayi voliyumu ndinatsitsa. Koma ndikamvetsera bwino, pansi pa mvulayo pakukhala ngati pali anthu akuyimba kutali, mochedwa. Audacity akuonetsa mphindi 32, pomwe ine ndikukumbuka kuti tinayimba mwina mphindi 20 mabatire asanathe.

aBanda a ku Kasungu | Lachitatu usiku

Aphunzitsi, nkhani yabwino imeneyo. Mwandipatsa yankho nokha.

Tiwerenge limodzi, inu ndinu a masamu. 345 MB kugawa ndi mphindi 20, tikupeza 17 MB pa mphindi. Kujambula kwa 16-bit sikufika pamenepo, kumathera pa 10 kapena 11 ndi theka. Kwa 24-bit ndi kumene kumadya 16 mpaka 17. Ndiye kamakina kanu kanali pa 24-bit, kutanthauza kuti kachidutswa kalikonse ka mawu kali ndi mabayiti atatu, pomwe ife tinauza Audacity kuti awerenge awiriawiri. Zili ngati kuwerenga ndime mukudula mawu pakati, zilembo zonse zilipo koma tanthauzo palibe. Mvula ija ndi imeneyo, ndipo n'chifukwa chakenso nthawi yatalika.

Bwerezani Raw Data, pa Encoding muike Signed 24-bit PCM. Ikapitirira mvula musataye mtima. Pa Start offset pali 0, sinthani muike 1, ikakana muike 2. Poti mabayiti ndi atatu, imodzi mwa zitatuzi igwera pamzere. Koyambirira kwenikweni mudzamva kakuti tha, ndi kamutu kaja kakuwerengedwa ngati mawu, mungokadula. Mukapeza kuti kumanja ndi kumanzere kwasinthana, pa kwaya palibe kanthu.

Chotsala ndi Sample rate, ngati ili 44100 kapena 48000. Masamu a kukula kwa fayilo sangatiuze motsimikiza chifukwa mphindi 20 zanuzo ndi zongokumbukira. Apa khutu lanu liposa langa. Mawu ojambulidwa pa 48000 mukawawerenga pa 44100 amachedwa pang'ono ndipo nyimbo imatsika pafupifupi semitoni imodzi ndi theka. Inu mukudziwa kiyi imene bambowo ankayambira nyimbo iliyonse. Yesani zonse ziwiri, yerekezani ndi nyimbo yomweyo ya pa CD kapena ndi kiyibodi ya ku tchalitchi.

Ikatseguka, musanadule kalikonse, chitani Export as WAV nthawi yomweyo, muisunge malo awiri. Magetsi athuwa mukuwadziwa.

Mphunzitsi wa ku Kamwendo | Lachinayi usiku

aBanda, yatseguka!

Pa 0 mvula, pa 1 mvula, pa 2 ndinangomva mabenchi akukokedwa ndi mawu awo akuti tiyeni tiyambe nthawi yatha. Akazi anga anathamanga kuchoka kukhitchini ndi mthiko m'manja. Pa 44100 ma soprano amamveka ngati atopa ndi ulendo, ndipo nyimbo imene timayambira pa F inali pakati pa E ndi E flat, kiyi yosapezeka pa kiyibodi. Nditaika 48000 yakhala m'malo mwake. Ndi mphindi 19 ndi masekondi 58, nyimbo zitatu zathunthu ndi yachinayi imene yadukira pa vesi yachiwiri.

Mavuto wachita rip CD yonse bwinobwino, ndipo wakana ndalama, wangoti ndimuonetse za Raw Data zo pa kompyuta yake. Wandisesera ndi fulashi yomwe, munalidi kavayirasi kaja.

Ndatulutsa MP3 zonse 20, ndayesa pa sipika ya a neba zikulira. Ma WAV ndasunga pa laputopu ndi pa memori khadi ina imene ndikapereke kwa mwana wawo woyamba.

Funso limodzi lotsala, ndipo si la makina kwenikweni. Nyimbo yachinayi ija, yodukira pakati. Ndinaiyesa Fade Out kuti izizimirira pang'onopang'ono, ikumveka bwino ndithu, ngati ya pa wailesi. Koma nditapita nayo kwa amayi madzulo ano anamvetsera zonse ziwiri, n'kunena kuti ndiisiye mmene inadukiramo, kwaya idzapitirize yokha pamanda kuyambira pomwepo. Ndiye mawa tili ndi pulakatisi ya 4 koloko. Amene mukudziwa, pali njira yoti pamapeto pa fayiloyo ndiikepo mphindi ziwiri kapena zitatu za chete, kuti sipika isalumphire nyimbo yotsatira ife tili pakati poyimba?

NaPhiri wa ku Santhe | Lachinayi usiku

Ilipo aphunzitsi. Dinani pa nyimboyo, kenako batani la K kuti mufike kumapeto kwake, pitani ku Generate, Silence, lembani mphindi zimene mukufuna. Ikani zisanu, amayi akayamba kulira nyimbo imatalika. Komabe wa sipikayo mumuuziretu, angaone ngati fulashi yafa n'kuyamba kudinadina.